Szoboszlai anachokera kuti, ndipo n'chifukwa chiyani amusewetsa kumbuyo?

Wowerenga wina wa ku Mzuzu wanditumizira imelo yofunsa kuti: "Kodi Dominik Szoboszlai wa Liverpool uja anatulukira kuti? Nanga osewera pakati wogulidwa ndalama zambiri chonchi, n'kumuika kumbuyo, si kumuwononga?"

Achimwene, funso lanu lachiwiri yankho lake lili m'loyambalo, choncho tiyambire kwawo.

Szoboszlai anabadwa pa 25 Okotobala 2000 mumzinda wa Székesfehérvár ku Hungary. Bambo ake, a Zsolt, nawonso anali osewera mpira, ndipo ndiwo anamuphunzitsa ali mwana ku sukulu ya mpira ya Főnix Gold. Atadutsa ku MTK Budapest anapita ku Austria asanakwanitse zaka 18. Anayambira ku Liefering, timu ya ligi yachiwiri yomwe Red Bull Salzburg imakulitsirako achinyamata ake, kenako mu 2018 anakwera ku timu yaikulu.

Apa ndi pomwe ndikufuna muonetsetse. Ku Salzburg salola osewera kuima n'kumadikira mpira. Mukautaya, nonse mumathamangira mdani nthawi yomweyo mpaka muulande. Mnyamatayu anakulira m'mpira wotero, limodzi ndi Erling Haaland ndi Takumi Minamino. Okonda Liverpool akukumbukira Okotobala 2019, Salzburg itabwera ku Anfield n'kubweza zigoli zitatu isanagonje 4-3. Iye anali m'timu imeneyo.

Mu Januwale 2021 anapita ku RB Leipzig ya ku Germany, koma anafika wovulala ndipo sanasewere mpaka sizoni inatha. Zinandiwawa kwambiri kuti anaphonyanso Euro, mpikisano wa mayiko a ku Ulaya, ya chaka chimenecho, pomwe ndi chigoli chake cha m'mphindi zomaliza pokumana ndi Iceland chimene chinapititsa Hungary ku mpikisanowo. Atachira anatenga chikho cha DFB-Pokal kawiri, mu 2022 ndi 2023, ndipo mu fainolo ya 2023 anagoletsa chigoli chachiwiri pomwe anagonjetsa Eintracht Frankfurt 2-0.

Liverpool inamugula mu Julayi 2023 pa mtengo wa mapaundi pafupifupi 60 miliyoni, n'kumupatsa jezi ya nambala 8 yomwe ankavala Steven Gerrard. Nambalayo inamusenzetsa katundu wolemera, chifukwa anthu ankayembekezera zigoli sabata iliyonse. Zigoli sizinachuluke, ndipo ena anayamba kung'ung'udza. Ine sindinagwirizane nawo. Liverpool itatenga ligi mu 2025 pansi pa mphunzitsi Arne Slot, ntchito yaikulu ya Szoboszlai inali kuthamanga: kutseka mipata kumbali ya Mohamed Salah, kuti Salah asabwerere m'mbuyo koma asunge mphamvu zogoletsera. Ntchito yotereyi kamera siionetsa kawirikawiri, koma mphunzitsi amaiona.

Ndiye za kumbuyoko. Trent Alexander-Arnold, yemwe ankasewera kumbuyo chakumanja, atapita ku Real Madrid, ndipo omulowa m'malo atavulala, Slot anafuna munthu wa liwiro, wosatopa, wodziwa kuponya mpira wautali. Sanavutike kusaka. Pa 31 Ogasiti 2025, akusewera kumbuyo chakumanja, Szoboszlai anamenya friikiki ya patali yomwe inagunda nsanamira n'kulowa, Arsenal n'kugonja 1-0.

Inenso ndimafuna azisewera pakati, pafupi ndi golo ya adani, chifukwa mwendo wake wamanja ndi woopsa akakhala pamenepo. Koma kunena kuti akumuwononga, ayi achimwene. Anamuika kumbuyo chifukwa anali mmodzi mwa ochepa m'timuyo amene Slot ankatha kuwadalira pa malo atatu osiyana.