Kodi ndibatizidwenso? Yankho kwa m'bale wa ku Epworth

Achimwene, funso lanu ndi lolemera, choncho ndiyankha motalikitsako. Kwa amene simunalione: m'bale wathuyu akuti anabatizidwa ali wakhanda mu mpingo wa Lutheran kumudzi ku Malawi. Atabwera kuno ku Harare kudzasaka ntchito anakhala zaka zambiri osaponda ku tchalitchi, mowa unamulowerera, banja linagwedezeka. Tsopano akufuna kubwerera, koma anzake a kuntchito akumuuza kuti ubatizo wapaukhanda unasukuluka kale, apite akamizidwe kumtsinje kuti ayambe mwatsopano. Akufunsanso kuti, popeza amalapa lero mawa n'kugwa pomwepo, kodi Mulungu sanatope naye?

Musabatizidwenso. Ubatizo wanu uli chilili.

Anzanuwo sindikuwanyoza, ambiri amanena zimenezi chifukwa chokufunirani zabwino. Pamene timasiyana nawo ndi pa funso ili: pa ubatizo amalonjeza ndani? Ukanakhala kuti ndi lonjezo la munthu kwa Mulungu, bwenzi akunena zoona, chifukwa khanda silinalonjeze kanthu, ndipo ngakhale ife a imvi malonjezo athu timawaswa dzuwa lisanalowe. Koma wolonjeza pamenepo ndi Mulungu. Katekisimu Wamng'ono amene Martin Luther analemba mu 1529 amati ubatizo si madzi wamba, ndi madzi amene ali m'lamulo la Mulungu ndipo alumikizidwa ndi mawu ake. Mawuwo ndi a pa Mateyu 28:19, m'dzina la Atate ndi la Mwana ndi la Mzimu Woyera. Dzina limenelo linatchulidwa pa inu. Munalitchula si inu, ndiye kuthawa kwanu sikungalifufute. Kuchuluka kwa madzi nakonso sikuwonjezera kanthu, kaya ndi a m'kapu kaya a mu mtsinje wonse wa Manyame. Paulo pa Aefeso 4:5 akuti Ambuye mmodzi, chikhulupiriro chimodzi, ubatizo umodzi, ndipo tikamanena Chikhulupiriro cha ku Nicea timavomereza ubatizo umodzi wa chikhululukiro cha machimo.

Mkangano umenewu si wa lero. Luther anabadwa pa 10 November 1483 ku Eisleben, m'mawa mwake anamutengera ku tchalitchi n'kumubatiza. Ngakhale pamene anasemphana ndi Papa, ubatizo umenewo sanaubwereze. Anthu atayamba kubatizanso akuluakulu ku Zurich mu 1525, iye analemba zotsutsa mu 1528. Mfundo yake inali yakuti ngati chikhulupiriro chinasowa, chokonza ndi chikhulupirirocho, osati ubatizo. Komanso taganizani, munthu akamabatizidwa nthawi iliyonse imene waona kuti tsopano ndiye wakhulupirira zenizeni, adzalekera pati? Pano ku Harare tikuwadziwa anthu amene anamizidwa mu mpingo uwu, chaka chinacho mu uwo, ndipo mpaka lero mtima sunakhazikike, chifukwa akuyang'ana kulimba kwa kulapa kwawo m'malo moyang'ana lonjezo la Mulungu.

Tsono musamve ngati ndikuti ubatizo ndi khadi losunga m'sutikesi. Apa ndiye pagona nkhani yanu yachiwiri. Katekisimu yemweyo amafunsa kuti kubatiza ndi madzi kumatanthauza chiyani, ndipo yankho lake ndi lakuti Adamu wakale mwa ife, ndiye kuti chibadwa chathu chauchimo, amizidwe ndi kufa tsiku ndi tsiku, mwa kumva chisoni ndi kulapa, pamodzi ndi machimo onse ndi zilakolako zoipa, ndipo tsiku ndi tsiku munthu watsopano atuluke ndi kuuka. Maziko ake ndi Aroma 6:4, kuti tinaikidwa m'manda pamodzi ndi Khristu mwa ubatizo. Ndiye kumizidwa kumene anzanu akukufunirani kulipodi, kungoti sikuchitika kamodzi kumtsinje. Kumachitika Lolemba mukamakanganirana chenji ndi kondakitala wa kombi, kumachitika Lachisanu malipiro akalowa m'thumba anzanu akukuitanirani ku bawa. Mfundo yoyamba mwa mfundo 95 zimene Luther analemba mu 1517 inanena zomwezi, kuti Yesu ponena kuti lapani ankafuna moyo wonse wa okhulupirira ukhale kulapa.

M'Katekisimu Wamkulu wa Luther muli fanizo limene ndimalikonda. Kale ena, potsata Jerome, mphunzitsi wakale wa mpingo, ankaphunzitsa kuti munthu akachimwa atabatizidwa ndiye kuti chombo chasweka, chatsala n'kugwira kathabwa kosambirira. Luther anakana. Anati chombo sichisweka chifukwa anachikhoma ndi Mulungu. Chimene chimachitika n'chakuti ife timaterereka n'kugwera m'madzi, ndipo wagwayo asambire kubwerera ku chombo chomwecho, achigwire mpaka akweremonso. Inu achimwene munagwera m'madzi zaka zonsezi. Chombo chikadali pompo.

Nanga kubwererako kumachitika bwanji pa tsiku wamba? Palibe zachilendo. M'mawa mukadzuka, ngakhale kukadali mdima mukuthamangira pamzere wa pamjigo, lembani chizindikiro cha mtanda n'kunena dzina la Utatu lija. Ena amati zimenezi n'za Akatolika okha, koma zili m'Katekisimu wathu momwemo, pa pemphero la m'mawa ndi la madzulo. Kenako Chikhulupiriro cha Atumwi ndi Pemphero la Ambuye. Sizitha ndi mphindi zisanu zomwe. Madzulo musanagone dziyeseni ndi Malamulo Khumi molingana ndi udindo wanu: monga mwamuna wapabanja, monga bambo wa ana, monga wantchito. Kodi ndakalipira munthu popanda chifukwa? Kodi ndawononga ndalama ya lendi? Kodi ndagwira ntchito ya abwana mwaulesi? Tchulani zimene mwazipeza, pemphani chikhululukiro, kenako gonani. Katekisimu amachita kunena kuti mugone msanga ndi mtima wosangalala. Kugona kumeneko nakonso ndi chikhulupiriro, chifukwa ndi kuvomereza kuti nkhaniyo yatha m'manja mwa Khristu.

Anthu ambiri amalakwitsa poyesa kuti kulapa ndi kudzimvera chisoni basi. Chivomerezo cha ku Augsburg cha mu 1530, chikalata chofotokoza chikhulupiriro cha mpingo wa Lutheran, chimati kulapa kuli ndi mbali ziwiri: kusweka mtima chifukwa cha tchimo, ndi chikhulupiriro chogwira Uthenga Wabwino wakuti machimo akhululukidwa chifukwa cha Khristu. Yudasi anali nacho chisoni, ndalama anabweza, koma anakadzikhweza. Petro anakana Ambuye katatu, analira kwambiri, koma anabwerera. Mmene ndikuwerengera uthenga wanu, chisoni muli nacho chokwanira. Chimene chikuperewera ndi mbali yachiwiriyo.

N'chifukwa chake ndikukulimbikitsani kuti musalimbane nazo nokha m'chipinda. Pitani ku mapemphero Lamulungu. Chakumayambiriro mpingo wonse umaulula machimo pamodzi, abusa n'kulengeza chikhululukiro. Mawu amenewo si mwambo wongodutsa, ali pa Yohane 20:23 pamene Yesu anapatsa ophunzira ake mphamvu yokhululukira machimo. Ngati pali china chimene chikukudyani mumtima ndipo sichikuchoka, pemphani kuonana ndi abusa panokha. Mpingo wathu sunathetse kuulula kwa munthu payekha, unangochotsa chikakamizo chowerenga tchimo lililonse, poti ndani angazindikire zolakwa zake zonse, monga akunenera Salimo 19:12. Kumva ndi makutu anu munthu akunena kuti machimo anu akhululukidwa kumasiyana kwambiri ndi kungodziuza nokha.

Za kutopa kwa Mulungu, onani Mateyu 18:22. Petro anafunsa ngati kukhululukira m'bale kasanu ndi kawiri n'kokwanira, Yesu n'kumuuza kuti awonjezere mpaka chiwerengero chitaye tanthauzo. Amene analamula munthu kutero sangakhale wouma mtima kuposa munthuyo. Ndiponso pempho lakuti mutikhululukire zochimwa zathu analiika pafupi ndi la chakudya chalero. Ankadziwa kuti tidzalifuna tsiku lililonse.

Koma ndisakunamizeni. Paulo yemweyo pa Aroma 6:1-2 akufunsa ngati tipitirize kuchimwa kuti chisomo chichuluke, ndipo akukana kwamtuwagalu. Munthu wonena kuti ndinabatizidwa kale, ndimwe lero ndikalapa mawa, akusewera ndi moto, ndipo akhoza kutaya chikhulupiriro ubatizo wake uli chikhalire wosamuthandiza kanthu. Adamu wakale akamizidwa zimaoneka. Kwa inu mwina ndi kusintha njira yobwerera kunyumba kuti musadutse pabawa paja, kupereka malipiro m'manja mwa mayi a kunyumba tsiku lomwe mwalandira, ndi kuwapepesa iwowo mosazungulira, osati kungobwera ndi nyama n'kuyesa kuti nkhani yatha. Zimenezi sizigula chikhululukiro, ndi zipatso zake. Ndipo ngati mowa wafika poti thupi limanjenjemera mukapanda kumwa, pitaninso ku chipatala. Kutero si kuchepa chikhulupiriro.

Pomaliza za kumene mungapite. Mpingo waukulu wa Lutheran kuno ndi Evangelical Lutheran Church in Zimbabwe, umene unachokera ku ntchito ya amishonale a ku Sweden ku Mnene, m'dera la Mberengwa, kuyambira 1903. Kwathu kuli iwiri yodziwika, Lutheran Church of Central Africa imene inayamba ntchito ku Malawi mu 1963, ndi Evangelical Lutheran Church in Malawi ya mu 1982. Mukakumana ndi abusa muwauze kuti munachokera mu uti, chifukwa kayendetsedwe kake n'kosiyana, makamaka pa za Mgonero. Pa ubatizo pokha sadzakubwezani. Ngakhale wochokera ku CCAP, Katolika kapena Anglican sitimubatizanso ngati anabatizidwa ndi madzi m'dzina la Utatu. Ngati khadi la ubatizo linasowa, tumizani uthenga kwa achibale kumudzi akafunse kwa abusa a kumeneko, mayina amalembedwa m'kaundula wa mpingo. Ngati simunamalize kalasi ya Katekisimu musanachoke, nenani poyera, akulowetsani m'kalasi ya akuluakulu musanayambe kudya Mgonero.