Galimoto yaing'ono ingaphwanye kasinja, koma singalowe m'malo mwake

Achimwene, funso lanu ndaliona. Mwati mwaonera kanema wa galimoto yankhondo yaing'ono, yamatayala, itasenza mipope padenga, ndipo akuti imaphwanya kasinja ali patali makilomita angapo. Ndiye mukufunsa ngati n'zoona, komanso ngati zili choncho, mayiko akuwonongeranji ndalama pogula akasinja. Kuphwanyako n'koona ndithu. Koma anzathu amene ayankha kuti nthawi ya kasinja inatha, ine sindikugwirizana nawo.

M'mipope mwaonamo mumakhala mizinga yochita kuwongoleredwa. Mfuti ya kasinja imadalira liwiro kuti chipolopolo chiboole chitsulo, n'chifukwa chake imakhala yaitali, yolemera, ndipo ikalira imakankha mwamphamvu moti galimoto yopepuka singapirire. Mzinga sudalira liwiro. Kumutu kwake kuli wonga woumbidwa mozungulira kachitsulo ka mkuwa kooneka ngati fanulo. Ukagunda, wongawo umafinya mkuwa uja n'kuutulutsa ngati kamtsinje kowonda kothamanga makilomita angapo pa sekondi imodzi, ndipo n'kamene kamaboola. Choncho kaya mzinga wauluka mamita 500 kaya makilomita 5, mphamvu yoboolera ndi yomweyo. Mzinga wa Kornet wa ku Russia umaboola chitsulo chochindikala kupitirira mita imodzi. Popeza mzinga sukankha pochoka, mutha kuukweza pa chilichonse: Wiesel ya ku Germany, yonyamula mzinga wa TOW, imalemera matani pafupifupi 3 basi, pomwe kasinja wa Abrams wa ku America amapitirira matani 60.

Chimene chimasunga moyo wa anyamata a m'galimoto yotereyi si chitsulo, koma mtunda ndi kubisala. Chitsulo chake chimangotchinga zipolopolo za mfuti zam'manja ndi tizidutswa ta mabomba. Kasinja akangoiona n'kuilasa kamodzi, onse ali m'katimo apita. Ndiye ntchito yake ndi ya mlenje wosaka njati: aione ndiye poyamba, alase ali kutali, asamuke isanadziwe kumene kwachokera moto. Akasinja ambiri amalasa bwino pa mtunda wa makilomita 2 kapena 3. TOW amafika mamita 3,750, HOT wa ku France ndi Germany mamita 4,000, ndipo Kornet-EM, amene a ku Russia amamukweza pa galimoto ya Tigr, amakafika makilomita 8. Kusiyana kwa mtundako ndiye chishango chonse.

Vuto lake ndi lakuti mzinga umachedwa. Mu Okutobala 1973 asilikali a Egypt atawoloka ngalande ya Suez, anaphwanya akasinja ambiri a Israel ndi mzinga wa Malyutka, wina atanyamula pamanja, wina uli pa magalimoto a BRDM-2. Mzingawu unkauluka ukumasula waya kumbuyo, msilikali akuuwongolera ndi kandodo kam'manja, diso lili pa kamoto kakumchira kwake. Kuti ufike makilomita 3 unkatenga pafupifupi theka la mphindi. Taganizani, theka la mphindi munthu osagwedezeka, dzanja osanjenjemera, fumbi la pamene mzinga wachokera likuonekera kwa adani. A Israel sanachedwe kuzindikira zimenezi. Akangoona fumbilo ankathira moto pamalopo, akasinja n'kumayenda mokhotakhota, ndipo wowongolera akangowerama kuti adziteteze, mzinga unkasochera. Mizinga ya masiku ano inachepetsa vutoli koma sinalithetse. Yambiri imafunabe kuti wolasa asachotse diso pa kasinja mpaka utagunda.

Nkhani imene imandiphunzitsa zambiri ndi ya kuno kummwera kwa Africa. Mu Sepitembala 1987, pa mtsinje wa Lomba ku Angola, asilikali a South Africa anayesa kwa nthawi yoyamba pankhondo galimoto ya Ratel ZT3. Ratel ndi galimoto yankhondo ya matayala 6, ndipo iyi padenga pali mizinga itatu yowongoleredwa ndi kuwala kwa laser. Asilikali a boma la Angola, a FAPLA, ankafuna kuwoloka mtsinjewo ndi akasinja ochokera ku Soviet Union, ndipo Ratel ZT3 inaphwanyapo angapo. Koma taonani malo ake. M'mbali mwa Lomba muli dambo lalikulu lopanda mitengo, ndiye wolasa ankatha kuona patali, mzinga n'kupeza njira. Kungochoka padambopo n'kulowa m'thengo, zinthu zinkasintha. M'menemo mitengo ndi yothithikana, adani ankatulukirana ali pafupi kwambiri, ndipo mzinga wofika makilomita 4 unalibe ntchito. Amene ankalimbana ndi akasinja m'thengomo anali ma Ratel a mfuti ya 90mm, ochita kulasa kangapo kuti kasinja mmodzi aime, ndipo ena mwa iwo anapsa anthu ali m'kati. Chida chimodzimodzi, dera limodzi, koma apa chathandiza, apo ayi. Mzinga uja ndi umene pambuyo pake unadzakhala Ingwe wa kampani ya Denel, wofika makilomita 5.

Ndiye mukamamva kuti mzinga wakutiwakuti umafika kutali, muzifunsanso kuti akuona ndani kumeneko. Spike NLOS wa ku Israel amauluka makilomita 25 kapena kuposerapo. Kumphuno kwake kuli kamera, ndipo msilikali ali m'galimoto kuseri kwa phiri amaona pa sikirini zimene mzinga ukuona, n'kusankha pokagunda. South Korea inaika mizinga yotere pa zilumba zake zoyandikana ndi North Korea. Koma popanda wina womuuza kumene kuli adani, kaya ndi drone (kandege kopanda munthu m'kati) kaya ndi asilikali ozonda, galimotoyo ndi yakhungu. Mtengo wa mzinga umodzi nawo si wamasewera, sungaponyedwe mongoyerekeza.

Akasinja nawonso sanangokhala. Anawaveka timabokosi ta wonga tophulika tokha kuti tisokoneze mkuwa uja, opanga mizinga n'kuyankha poika mitu iwiri, woyamba wochotsa kabokosi, wachiwiri woboola. Kenako Israel inabweretsa Trophy, makina okhala pa kasinja amene amaona mzinga ukubwera n'kuuwombera usanafike. Anagwira ntchito koyamba pankhondo mu 2011. Ku Ukraine kuyambira 2022 kwabweranso ma drone ang'onoang'ono otsika mtengo, ndipo ameneŵa saopseza kasinja yekha. Galimoto yopepuka imene moyo wake wonse uli pa kubisala ndi imene ili pangozi kwambiri ngati kumwamba kuli maso usana ndi usiku.

Tsono pa funso lanu lachiwiri lija. Galimoto ya mizinga ndi yabwino podikirira adani, potseka msewu, poteteza mlatho. Imatsika mtengo, imayenda pa milatho yofooka imene kasinja angaigwetse, ina imanyamulidwa ndi ndege. Koma tsiku lofunika kupita kutsogolo, kudutsa pamtetete adani akuthira moto, kukalanda malo asilikali oyenda pansi akubisala kumbuyo kwanu, simungatume anyamata m'galimoto imene chitsulo chake n'chopyapyala chotero. Ntchito imeneyo ikadali ya kasinja, ndipo n'chifukwa chake mayiko amene ali ndi mizinga yabwino koposa, monga America, Israel ndi South Korea, ndi omwewonso akupitiriza kupanga akasinja.