Liwu lakuti shoal: madzi osaya kapena gulu la nsomba?

Owerenga ena anditumizira imelo yofunsa chifukwa chake liwu la Chingerezi lakuti shoal limatanthauza malo a madzi osaya m'mabuku ena, pamene m'mabuku ena limatanthauza gulu la nsomba. Iwo akuganiza kuti mwina n'chifukwa chakuti nsomba zimakonda kusonkhana posaya.

Maganizo awowa ndi omveka, koma mbiri ya liwuli sikugwirizana nawo. Amenewa ndi mawu awiri osiyana, amene m'kupita kwa nthawi anayamba kulembedwa ndi kutchulidwa mofanana. Loyamba linachokera ku liwu la Chingerezi chakale lakuti sceald, ndipo ndi lapachibale ndi shallow. Limanena za mulu wa mchenga kapena miyala umene uli m'madzi koma pafupi kwambiri ndi pamwamba, moti sitima ikadutsapo imagunda pansi n'kukanirira pomwepo. Malo otere ndi oopsa chifukwa pamwamba madzi amaoneka abwinobwino, komanso mchengawo umasuntha ndi mafunde. Pa Diamond Shoals, kufupi ndi Cape Hatteras ku America, panasweka sitima zambiri pa chifukwa chimenechi.

Lachiwiri akatswiri amaligwirizanitsa ndi liwu lakale lakuti scolu, lotanthauza khamu. Ndi lapachibale ndi school yonena za gulu la nsomba, imene inachokera ku Chidatchi, ndipo ilibe ubale ndi sukulu yophunzirirako, yomwe gwero lake ndi Chigiriki.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri n'chakuti asayansi amasiyanitsa shoal ndi school mosamala. Nsomba zikangokhala pamodzi, ina ikudya, ina ikuyang'ana kwina, amati shoal. Zikayamba kusambira molowera kumodzi, pa liwiro limodzi, n'kumatembenuka zonse nthawi imodzi, amati school. Zimatha kutero pogwiritsa ntchito maso ndiponso mzere wa m'mbali mwa thupi, umene umamva kugwedezeka kwa madzi nsomba inzake ikasuntha. Chikabwera chilombo cha m'madzi, chimavutika kusankha imodzi pakati pa zikwizikwi zonyezimira.

Powerenga, yang'anani mawu oyandikana ndi shoal. Likatsatiridwa ndi of kenako dzina la nsomba, ndiye kuti likunena za gulu. Likakhala mbali ya dzina la malo pa mapu, monga Scarborough Shoal imene mayiko a China ndi Philippines amalimbirana, likunena za madzi osaya.