Mafunso a Owerenga: Zisudzo za Anthu Obwera

FUNSO: Ine ndimakhala ku Johannesburg, ndipo pamodzi ndi anzanga angapo akumudzi tayambitsa kagulu ka zisudzo kuti tizionetsa zimene timakumana nazo kuno kuchilendo. Ndamva kuti ku America kuli magulu a zisudzo otsogoleredwa ndi anthu ochokera ku Latin America amene agwira ntchito yotereyi kwa zaka zambiri. Kodi anayamba bwanji? Nanga ife amene sitinaphunzire za zisudzo, tifune katswiri woti azitilembera masewero? Ndine wowerenga wanu wa ku Johannesburg.

YANKHO: Zikomo chifukwa cha funso lanu. Magulu oterewa alipo ambiri, monga Repertorio Español la ku New York, lomwe linakhazikitsidwa mu 1968, ndi GALA Hispanic Theatre la ku Washington, lomwe linayamba mu 1976. Koma gulu limene mbiri yake ikuyankha bwino funso lanu ndi El Teatro Campesino la ku California, chifukwa amene analiyambitsa anali anthu ogwira ntchito m'minda, ndipo ambiri mwa iwo anali asanaimepo pa siteji.

Mu September 1965, ogwira ntchito m'minda ya mphesa ya ku Delano, tauni ya ku California, ananyanyala ntchito pofuna malipiro oyenera. Oyamba kunyanyala anali Afilipino otsogoleredwa ndi Larry Itliong, ndipo patangopita masiku ochepa bungwe la ogwira ntchito m'minda lotsogoleredwa ndi Cesar Chavez ndi Dolores Huerta, lomwe mamembala ake ambiri anali ochokera ku Mexico ndi ana awo obadwira ku America, linalowa nawo sitirakayo. Luis Valdez, amene anabadwira ku Delano komweko mu 1940 m'banja loyendayenda kukolola m'minda ya eni, anali ataphunzira ku koleji ya San José ndiponso atachitako zisudzo ndi gulu la San Francisco Mime Troupe. Iye anabwerera kwawo, napempha atsogoleri a bungwelo kuti amulole kuyambitsa zisudzo pakati pa onyanyalawo, ndipo mmodzi mwa amene anagwirizana naye kuyambira pachiyambi anali Agustín Lira, wantchito wa m'minda amene ankadziwa kuimba.

Njira imene anagwiritsa ntchito ndi imene ndikufuna muilingalire mofatsa. Valdez sanafike ndi sewero lolembedwa kale kuti anthu aloweze pamtima. Ankalemba mawu monga "bwana", "wonyanyala" kapena "wophwanya sitiraka" pa timakatoni, nkupachika m'khosi mwa antchitowo, kenaka nkuwauza kuti aonetse zimene zachitika kumunda tsikulo. Munthu amene wakhala akukalipiridwa ndi kapitawo kwa zaka zambiri amadziwa mmene kapitawoyo amayendera, mmene amakwezera mawu ndi mmene amanyengerera akafuna kuti anthu abwerere kuntchito, moti palibe wolemba wochokera kunja amene akanazijambula bwino kuposa iye. Timasewero timeneti, tomwe ankatitcha kuti actos, tinali tatifupi, toseketsa, tosakaniza Chisipanishi ndi Chingerezi monga mmene anthuwo ankalankhulira, ndipo ankationetsera pamwamba pa lole pafupi ndi minda kapena m'holo ya bungwe. Pa ulendo wapansi wa mu 1966 wochokera ku Delano kupita ku Sacramento, likulu la California, mtunda wa makilomita oposa 400, gululi linkasangalatsa ndi kulimbikitsa oyendawo madzulo m'matauni amene ankagona.

Limodzi mwa masewero awo oyambirira, Las Dos Caras del Patroncito, limaonetsa mwini munda atavala chigoba cha nkhope ya nkhumba akuuza wantchito wake kuti moyo wa wantchito ndi wosavuta, popeza nyumba ndi mayendedwe amapatsidwa ulere pamene iye bwana amasenza nkhawa zonse. Awiriwo amasinthana malo, wantchito nkutenga chigoba, chikwapu ndi ndudu ya bwanayo, ndipo mlonda atafika amakokera kunja bwana weniweni pomuyesa wantchito wovuta. Oonerera amene masana ankanjenjemera pamaso pa mwini munda ankamuseka madzulo, ndipo ine ndikukhulupirira kuti kuseka kumeneko kunachepetsa mantha m'njira imene zolankhula za pamsonkhano sizikanatha.

Mu 1967 gululi linadziimira palokha kuti lizikamba nkhani zoposa za sitiraka, monga tsankho m'masukulu ndi nkhondo ya ku Vietnam, ndipo mu 1971 linakhazikika ku San Juan Bautista komwe lili mpaka lero. Kumeneko linapanga sewero lokhudza kwambiri za obwera, La Carpa de los Rasquachis, lomwe limatsatira munthu wosauka wa ku Mexico kuyambira powoloka malire, kudutsa m'manja mwa omudyera masuku pamutu, mpaka pa imfa yake ku America, nkhani yonse ikuyenda ndi nyimbo. Sewero la Valdez lotchedwa Zoot Suit linaonetsedwa ku Los Angeles mu 1978 ndipo linafika ku Broadway, dera la nyumba zikuluzikulu za zisudzo ku New York, mu 1979.

Pali mbali ina ya mbiriyi imene gulu lanu liyenera kuidziwa lisanakule. Katswiri wina wa maphunziro, Yolanda Broyles-González, anafufuza gululi nasonyeza kuti masewero ambiri amene anapangidwa ndi anthu onse pamodzi anadzadziwika ndi dzina la munthu mmodzi, Valdez, komanso kuti amayi ankapatsidwa mbali zochepa, kawirikawiri za mayi, mkazi wa munthu kapena chibwenzi. Dandaulo limeneli ndi lomveka, ndipo likukhudzani, chifukwa amayi a ku Malawi amene akugwira ntchito m'nyumba za anthu ku Joni ali ndi nkhani zawo za malipiro, mapepala ndi ana amene anawasiya kumudzi, zomwe amuna sangazifotokoze m'malo mwawo.

Tsono pa funso lanu lachiwiri, musayambe ndi kufuna wokulemberani. Yambani ndi kukumana, aliyense afotokoze chimene chinamuchitikira pa Beitbridge, kuntchito kapena kwa mwini nyumba, ndipo muchiyeseze pomwepo mpaka chitaumbika. Katswiri adzakuthandizani pambuyo pake pa kakonzedwe ka sewero lalitali, kayendedwe ka pa siteji ndi kufupikitsa pamene nkhani yatalika, monga mmene maphunziro a Valdez anathandizira anzake aja. Mugwirizane kuyambira tsopano kuti mayina a onse amene athandiza kupanga sewero azilembedwa, ndipo ngati wina wapereka nkhani yake pamene mapepala ake sali bwino, musinthe dzina lake, malo amene amagwira ntchito ndi chilichonse chimene chingachititse kuti adziwike, musanaionetse pagulu kapena kuiika pa Facebook.