Yankho: Kodi khansa ya m'matumbo aakulu ndi nkhani ya kumtundu?

Achemwali, pepani ndi imfa ya bambo anu. Ndikuyankha nkhani yakuti kaya matenda awo ndi a kumtundu kapena ayi. Khansa ya m'matumbo aakulu imene inawatengayo si kawirikawiri kukhala yotengera kumtundu, chifukwa mwa odwala ambiri majini (malangizo a m'maselo a thupi amene timatengera kwa makolo) amawonongeka pang'onopang'ono munthu akamakula.

Khungu la m'kati mwa matumbo limalowedwa m'malo ndi latsopano pa masiku 3 mpaka 5 aliwonse. Maselo atsopanowo amachokera m'timaenje ta m'khoma la matumbo, ndipo gulu la asayansi lotsogoleredwa ndi Hans Clevers ku Netherlands linatsimikizira maselo amene amawabereka mu 2007. Puloteni yotchedwa beta-catenin ndiyo imawalamula kugawikana, pogwirizana ndi inzake ya TCF4 kudzutsa majini a kukula monga MYC. Puloteni ya APC ndiyo buleki, popeza imathandiza kuphwanya beta-catenin. APC ikawonongeka, monga zimakhalira mwa odwala pafupifupi 8 pa 10 aliwonse, maselo saleka kugawikana, ndipo pamamera kachotupa kamene kangathe zaka 10 kasanasanduke khansa. Ndi mabanja ochepa amene amabadwa ndi APC yowonongeka kale, ndipo iwo tizotupati timawayamba akadali achinyamata.

Chimene ndaona kwa anansi kuno ku Blantyre n'chakuti magazi m'chimbudzi timafulumira kuwatcha kamwazi, n'kumangogula mankhwala miyezi ikupita. Popeza bambo anu anadwala, makamaka ngati anali asanakwanitse zaka 50, kaonaneni ndi dokotala ku Queen Elizabeth, mukafotokoze mbiri ya banja lanu ndi kufunsa za kupimidwa matumbo ndi kamera. Mukaona magazi, kuonda kosadziwika chifukwa chake kapena kusintha kwa chimbudzi kosatha, pitani msanga.