Ziro wa kumapeto uja si wachabe

FUNSO: Mu labotale ndinawerenga burette (kachubu kagalasi ka timizere koyezera madzi) n'kulemba 23.5 mL, koma aphunzitsi anandichotsera malikisi, akuti ndikanalemba 23.50 mL. Kodi si nambala imodzimodzi? Nanga calculator ikanditulutsira manambala ambirimbiri, ndilembe angati?
Wophunzira chemistry

YANKHO: Aphunzitsi anu sanalakwe. Pa masamu nambalazi n'zofanana, koma pa muyeso iliyonse ikunena zake. Wolemba 23.5 akuti 5 uja wangoyerekeza, mwina ndi 23.4 kapena 23.6. Wolemba 23.50 akuti 5 uja wamuona bwinobwino, chikayiko chatsala pa ziro yekha.

Timizere ta burette ya 50 mL timatalikirana 0.1 mL. Werengani kamzere kamene madzi afikapo, kenako onjezerani nambala imodzi yoyerekeza ndi diso. Akakhala pakati pa 23.5 ndi 23.6, lembani 23.55, akagwera pakamzere penipeni, ndiye 23.50. Aphunzitsi ambiri amafuna 0 kapena 5 yekha pamalo omalizawo, ndipo n'zomveka, poti dontho limodzi limakhala pafupifupi 0.05 mL.

Komatu ziroyo sangakupulumutseni ngati diso lili polakwika. Pamwamba pa madzi pamapindika ngati kambale, ndipo mumawerenga pansi pa kupindikako, diso litalingana napo. Mukasuzumira kuchokera pamwamba mupeza nambala yocheperapo, chifukwa manambala a burette amakula potsika. Kapepala koyera kumbuyo kwa galasi kamathandiza. Mankhwala a mtundu wodera kwambiri ngati potassium permanganate amabisa pansipo, choncho werengani m'mphepete mwa pamwamba, poyamba ndi pomaliza pomwe. Onaninso kunsonga kwa burette musanayambe: mpweya ukatsalira mmenemo n'kutuluka ntchito ili mkati, muyeso wanu umakwera ndi madzi amene sanalowe n'komwe mu flask, botolo lolandirira madziwo.

Sikelo ya digito ilibe zoyerekeza. Ikaonetsa 2.30 g, lembani 2.30 g, osachotsa kapena kuwonjezera kanthu.

Tibwere kwa calculator. Pochulukitsa ndi pogawa, yankho litsatire muyeso wokhala ndi ma significant figures (manambala amene muyeso unaperekadi) ochepa. Madzi olemera 12.46 g atenga malo a 10.5 mL. Mukagawa, makinawo alemba 1.186666…, koma 10.5 ili ndi atatu okha, choncho yankho ndi 1.19 g/mL. Otsalawo palibe chida chimene chinawayeza. Pophatikiza ndi pochotsera mumawerenga malo a pambuyo pa kadontho: 24.35 kuchotsapo 0.50 ndi 23.85 mL. Ngati pali masitepe angapo, sungani manambala onse m'makina, mudzafupikitse pamapeto pokha, apo ayi tizolakwa timaunjikana.

Samalani ndi ma ziro a kumayambiriro, chifukwa amangoonetsa pamene kadontho kali. Mu 0.0250 g owerengedwa ndi atatu: 2, 5 ndi ziro womalizayo.