Za mendulo ya agogo ija

Eee, Naphiri, funso lako ndaliona pagulupa. Pepa kuchedwa, netiweki kuno ku Mchinji yavuta chiyambire m'mawa. Kulemba ndi zala zangazi ndingamalize mawa, ndiye ndingolankhula. Wati wapeza mendulo m'sutikesi yachitsulo ya agogo ako aamuna, ndiye ukufuna kudziwa kuti inali nkhondo iti, komanso ngati anapita mwa kufuna kwawo kapena anachita kugwidwa.

Chithunzi watumizachi ndachikulitsa. Nyenyezi ya nsonga zisanu ndi imodzi, kansalu kake kofiira pakati. Imeneyo ndi Burma Star, ankapatsa amene anakamenya nkhondo ku Burma. Bambo anga, agogo akowo, anali msilikali wa Keyala. Dzina lenileni ndi King's African Rifles, KAR, koma lilime lathu linangoti Keyala basi. Gululi linakhazikitsidwa mu 1902, ndipo mabataliyoni awiri oyamba anali a kuno ku Nyasaland, likulu lawo ku Zomba. Ngakhale boma lathu lino kale linkatchedwa Fort Manning, panali malo a asilikali.

Usasokoneze ndi nkhondo ya Chiwaya, ya 1914 mpaka 1918, ija Keyala inalimbana ndi Majeremani ku Karonga, John Chilembwe n'kudandaula kuti anthu athu akufera nkhondo ya eni. Nthawi imeneyo agogo ako anali asanabadwe. Yawo ndi yachiwiri, ya 1939 mpaka 1945. Amene analowa msanga anakakumana ndi Mataliyana ku Somaliland mu 1940, ku Ethiopia mu 1941 mpaka ku Gondar, ena ku Madagascar mu 1942. Bambo analowa mochedwerapo. Anawaphunzitsa, n'kuwakweza sitima ya pamadzi ku Mombasa, ulendo wa ku Ceylon, kumene lero mumati Sri Lanka. Munthu woti madzi ambiri amene anawaonapo ndi a mu Bua! Ankati anasanza masiku atatu.

Mu 1944 ndi pamene anawalowetsa ku Burma, m'gulu lalikulu la asilikali lotchedwa 11th East African Division, kuti akankhe Majapani kutsika chigwa cha Kabaw mpaka ku mtsinje wa Chindwin. Inali nyengo ya mvula, osati yathuyi yogwa n'kukata, ayi, yongokhuthuka usana ndi usiku. Za zipolopolo sankakamba kwenikweni. Ankakamba za matope, za misundu yolowa m'nsapato imene ankaiwotcha ndi ndudu kuti igwe, za malungo ndi timapiritsi tachikasu towawa tomwa tsiku lililonse. Chakudya chinkachita kuponyedwa ndi ndege. Mpunga anaudya mpaka kudana nawo. Amayi ako akuuza, pa Khirisimasi tonse tikudya mpunga, iwo ankawaphikira nsima paokha.

Tsono funso lako lachiwiri lija, apa mvetsetsa. Papepala, asilikali a Keyala anali odzipereka okha. Koma kudzipereka kwake kotani? A DC auza mfumu kuti pakufunika anyamata, mfumu n'kuyang'ana nyumba imene ili ndi anyamata angapo. Msonkho uku ukudikira, ndalama palibe, kwina kopita ndi ku migodi ya ku Joni kapena ku mafamu a ku Halale. Ndiye kukubwera anyamata ovala yunifolomu yosita, nsapato zonyezimira, lipenga likulira, atsikana onse maso konko. Bambo ankanena kuti palibe anawamanga chingwe, koma panalibenso amene anawafunsa maganizo awo. Ine ndimati anapita ndi miyendo yawo, mutu unali wa ena. Amalume ako aang'ono amatsutsa, amati bambo anachita kuthawa pakhomo usiku kukalembetsa. Ali pagulu pomwe pano, ayankhe okha.

Atabwerako anagula njinga ndi makina osokera, ndipo pa mganda ndiwo ankaongola mizere. Aja mapazi a mganda ndi perete wa asilikali, paja. Akagwira ndodo n'kukuwa, ana tonse phee.

Keyala ya kuno inasanduka Malawi Rifles mu 1964. Ukadzapita ku Zomba ukaone chipilala chachitali cha njerwa chokumbukira asilikaliwa, chili pafupi ndi Cobbe Barracks.

Mendulo ija usaikweche ndi phulusa kapena mchenga, chonde, ingopukuta ndi kansalu kouma. Upisenso pansi pa sutikesiyo, pamene anayala nyuzipepala, panali kabuku kawo kotulukira usilikali kokhala ndi nambala yawo. Ukakapeza ujambule tsamba lililonse, utumize pompano.